Amene Adabzala Mthunzi wa Zomba

Zomba ndi tauni yotsamira phiri, ndipo chiyambire mthunzi wake sudagawidwe mofanana. Ukanyamuka pamsika mwezi wa Okutobala dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kukwera kulowera kumaofesi akale a boma, umamva wekha thukuta likuuma pang'onopang'ono. Kumsika ndi kudepoti kuli fumbi, malata ndi maambulera a ogulitsa. Ukafika cha kubwalo la gofu, mibawa imayamba kugwirana manja pamwamba pa msewu. Ukayandikira Mulunguzi dzuwa limafika pansi modukizadukiza, phokoso la maminibasi limatsalira m'mbuyo, umangomva madzi ndi kukhosomola kwa nkulukulu. M'masiku a atsamunda chitunda chimenechi chinkanenanso udindo wa munthu. Wamkulu pantchito ankakhala kumtunda, kalaliki kumunsi, wophika kuseri kwa nyumba ya bwana. Ife tidakulira kumunsi, m'nyumba yaing'ono yomwe bambo adapatsidwa pokhala kalaliki wa boma, ndipo chuma cha pabwalo pathu chidali mango ndi kachere wa m'malire.

Azungu asadafike phirili lidali kale ndi eni ake. Amang'anja ndiwo ankalima m'munsi mwake, ndipo cha m'ma 1860 kudafika Ayao, omwe maufumu awo monga a Malemia ndi a Mlumbe akadalipo mpaka lero. M'malo otsetsereka mudali mombo ndi misuku, koma m'mphepete mwa Mulunguzi ndi timitsinje tina totsika m'phiri mudali nkhalango yosayoyoka masamba: mibawa, mwimbi, mikundi, mitangatanga ndi mikuyu. Potsegula minda anthu ankasiya kachere wa pabwalo la milandu, ankasiya msitu wa kumanda, ankasiyanso mtengo wobala chodyedwa. David Livingstone ndi John Kirk adadutsa kuno mu 1859, chaka chomwe adaonanso nyanja ya Chilwa. Nkulukulu yobiriwira ya nsonga yayitali pamutu, yomwe mpaka lero imathamanga m'nthambi za m'mbali mwa Mulunguzi, m'mabuku a azungu idapatsidwa dzina la Livingstone, koma osati David. Ndi mng'ono wake Charles, amene adali nawo paulendo wa ku Zambezi.

Mmodzi mwa oyamba kubzala zachilendo kuno adali John Buchanan, mnyamata wa ku Scotland wodziwa za minda, yemwe adabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876. Atachotsedwa ntchito mu 1881 pa nkhani ya kukwapula anthu yomwe idachititsa manyazi mishoniyo, adakhazikika m'mbali mwa Mulunguzi n'kumalima khofi ndi nzimbe. Ndiye adamangira kazembe wa Britain nyumba ya nsanja ziwiri mu 1886, yomwe lero ndi Hotel Masongola. Mu 1891 Harry Johnston adasankha Zomba kukhala likulu la boma latsopano, nalowa m'nyumba imeneyo. Adabwera ndi mkulu wina, Alexander Whyte, yemwe adakhalapo zaka zambiri ku Ceylon, nampatsa ntchito yoyang'anira zomera ndi zinyama. Whyte ndiye adayamba munda woyesera mbewu pafupi ndi nyumbayo, komwe lero timangoti ku Botaniki. Ankaitanitsa mbewu za kunja kuti aone zomwe zingamere, kwinaku akutumiza ku London zikopa za mbalame ndi masamba ouma a mitengo ya kuno. Mkungudza wa ku Mulanje uli ndi dzina lake m'mabuku a sayansi, chimodzimodzinso kambalame kena kabulauni ka mlomo wonenepa, kokonda nkhuyu, komwe adakapeza ku Zomba konkuno. Maofesi ndi nyumba zikuchuluka, m'misewu mudandandalikidwa mibawa, m'mabwalo mudalowa jakaranda wa ku South America ndi bulugamu wa ku Australia, ndipo mu 1913 phiri lidalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa.

Mabuku amalekera pamenepo. Satchula amene adakumba maenjewo, amene ankatsika ndi keni kumtsinje chilimwe chonse kuti mbande zisafe, ambiri a iwo akusaka ndalama ya msonkho wa nyumba. Mmodzi wa iwo, m'zaka za pambuyo pake, adali agogo anga aamuna, bambo awo a mayi. Adagwira ntchito m'mabwalo a kumtunda kuyambira nkhondo yachiwiri ili mkati mpaka dziko litalandira ufulu, ndipo ankatchedwabe gadeniboyi imvi zili mbuu.

Agogo ankati nyumba za kumtundazo zidalibe eni. Bwana ankakhala zaka ziwiri kapena zitatu, n'kupita kutchuthi kwawo, pobwera amutumiza ku Karonga kapena ku Fort Johnston, m'nyumbamo mwalowa wina. Aliyense ankafika ndi zokonda zake. Dona uyu akufuna maluwa ofiira pakhonde, wotsatira akuti zulani mubzale kapinga, wachitatu akufuna mpanda wa maluwa ometa. Amene ankatsala ndi wa m'munda, ndipo ndiye ankadziwa kuti mtengo uti udabzalidwa liti, uti udamera wokha. Omera okhawo ndiwo ankawakonda agogo. Mbalame ikadya zipatso za mwimbi kumtsinje n'kudzatera pampanda, mvula ikagwa pansi pa mpandapo pankamera kamwimbi. "Dona akati zula thengo ili, ine ndinkati inde dona, n'kukazula udzu wa pambali," ankatero akuseka. "Pofika dona wina, kamtengo kaja kandipitirira msinkhu, ndiye ndimati adabzala ndi abwana oyamba aja. Mzungu sadula mtengo wa mzungu mnzake." Sindikayika kuti mitengo ina ikuluikulu yomwe alendo amaijambula lero kumtunda kuja idapulumuka ndi bodza la mtundu umenewu.

Mitengo inkatsikanso phiri. Madzulo poweruka, a m'munda ndi ophika ankanyamula m'zitini mbande za mapeyala, magwafa ndi malalanje, kapena kanthambi ka mabulosi kokazika. Njere ya peyala yomwe idatayidwa kukhitchini ya bwana inkakamera ku Chinamwali kapena ku Chikanda. Palibe adalemba pulani ya zimenezi. Kumtunda ankabzala choti chikongole, kumunsi tinkabzala choti tidye, ndipo mthunzi unkabwera ngati basera.

Chaka chomwe agogo ankawerengera zaka zonse ndi cha Napolo. Mu Disembala 1946 kudagwa mvula yosalekeza, mamilimita oposa 700 m'maola 36. Phiri lidang'ambika, madzi adatsika ndi miyala ndi zikuni, adakokolola milatho ya m'tauni ndi kupha anthu oposa 20. Mtengo uliwonse agogo ankaugawa pawiri: wa Napolo asadadutse ndi wa Napolo atadutsa. M'magombe momwe mudatsala miyala yokhayokha, ankati, boma lidakonza milatho koma nkhalango idabwezedwa ndi apumbwa.

Mango wa pabwalo pathu adali wa timango ta ulusi tija, totsekemera koma tosiya ntchito m'mano. Adabzala ndani sitidadziwe, tidamupeza. Pansi pake mayi ankapetera mphale, kuchapa ndi kulukana tsitsi ndi anzawo, bambo ankaikapo mpando wa ndalema Lamlungu masana n'kutsegula wailesi, ndipo mlendo wosafunika kulowa m'nyumba ankathera pomwepo. Mthunzi wa mango ndi wandiweyani, pansi pake sipamera kanthu, ndipo ndiwo uli bwino pa dzuwa la Okutobala pomwe mitengo ina yavula. Koma kwa mbalame mango ndi nyumba yogona chabe. Zipatso zake zimabwera kamodzi pachaka, apumbwa amajompha masana, mileme imadya usiku, Januwale akatha basi. Chomwe ankatipatsa mangoyo chaka ndi chaka ndi kambalame kofiirira ka mutu wakuda, komwe katambala kake kali ndi mchira wautali kuposa thupi. Kankafika dzuwa likayamba kuwawa, n'kumanga kachisa kochepetsetsa pamphanda ya nthambi, komanga ndi ulusi wa kangaude, nthawi zina pamwamba penipeni pa chingwe choyanikira zovala. Mvula ikamatha kankasowa osatsazika.

Kachere ndiye adali msika. Iyenso adabwera ndi mbalame. Njere yake imamera pamphanda ya mtengo wina pomwe mbalame yasiya chitosi, imatsitsa mizu mpaka pansi, n'kukulunga mwini malo mpaka kumupha. Wathuyo adameza mtengo womwe palibe ankaukumbukira, ndipo pakati pake padatsala mphako momwe tinkabisa malegeni. Akuluakulu amati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, koma kwa mbalame kukoma kwake ndi komweko. Maluwa a mkuyu ndi kachere amakhala m'kati mwa chipatso, ndipo timavu ting'onoting'ono ndito timalowamo kukaikira mazira ndi kubereketsa mtengowo. Ndiye mtengo ukapsa, wodya zipatso amapeza chake, wodya tizilombo amapezanso chake. Komanso mitengo imeneyi sipsera pamodzi. Wa kwanu ukatha, wa kutsidya ukuyamba, choncho mbalame zimangosamuka khomo ndi khomo chaka chonse. Sabata yomwe kachere wathu wapsa sitinkafuna tambala. Apumbwa ankayamba kukangana kusadayere, kenako njiwa zobiriwira za miyendo yofiira zomwe zimadya chozondoka ndipo sungazione mpaka zitauluka, ndiye akagogomole akugogoda nthambi youma pamwamba. Pansi ponse pankakhala nkhuyu zoponda, mayi akudandaula ndi tsache m'manja.

Mbalame zina zinkabwerera ife osati mtengo. Mayi akamapeta, achingolopiyo ndi timpheta tinkatola madeya pafupi ndi miyendo yawo, osaopa. Choso ankazungulira maluwa a papaya ndi a nthochi. Atchete ankalendeweza zisa pansungwi za kudambo, chamuna chikuluka ndi kukupiza mapiko, chachikazi chikuyendera, ndipo chisa chokanidwa chinkaphwasulidwa n'kuyambanso. Cha mu Ogasiti kabawi ankatulukira, akuzungulira m'mwamba mchira ukupotokapotoka, ndipo khomo lililonse la anapiye linkakhala tcheru. Thadzi likalira mwachenjezo, amayi onse a mzere wathu ankakuwira pamodzi. Ena ankapaka anapiye jivi kuti kabawi asawazindikire. Mlonda weniweni adali nthengu, kambalame kakuda ka mchira wa mphanda, komwe kamathamangitsa kabawi ngakhale khwangwala kosayang'ana msinkhu. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kutuluka, ulemu wonse unkatha: anamzeze, nthengu, apumbwa, nkhuku, achule ndi ife tomwe ndi mabeseni, tonse pachulu chimodzi. Ena mwa anamzeze aja amakhala atachokera ku Ulaya, amafika cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo. Aphunzitsi atatiuza zimenezi kusukulu, agogo adati aphunzitsiwo achepetseko mowa.

Usiku udali wa lumbe ndi kadzidzi. Kadzidzi akalira pakachere, nyumba yonse inkakhala chete, kenako bambo ankatuluka ndi chikuni cha moto n'kuchiponya m'mwamba. Kudali makomo ena komwe mtengo wabwinobwino udagwetsedwa chifukwa kadzidzi adaterapo kukubwera maliro. Sindinyoza mantha a munthu amene ali ndi wodwala m'nyumba. Koma kadzidzi amatsata makoswe, ndipo makoswe amatsata nkhokwe ndi dzala. Khomo lomwe adathamangitsa kadzidzi ndi lomwe linkagula mankhwala a makoswe kumsika.

Tisanamizane, ife anyamata sitinkaonera mbalame chifukwa cha kukongola. Tinkazifuna pamoto. Legeni tinkapanga ndi mphanda ya gwafa, mphira wa chubu cha njinga ndi kachikopa ka lilime la nsapato. Ulimbo tinkachita kutema kachere yemweyo, kutapa utomoni n'kuutafuna mpaka utanda, kenako kuukulunga patimitengo n'kutchera pomwe mbalame zimamwera. Koma kuti uphe mbalame uyenera kuidziwa: imatera nthambi iti, imamwa nthawi yanji, ikalira motere ndiye kuti yaona njoka kapena mphaka. Panalinso malamulo ake. Namzeze womanga chisa cha dothi pakhonde sankaphedwa. Nantchengwa, yemwe adaunjika chisa chachikulu pamphanda ya mbawa cha ku Likangala, chisa choti munthu wamkulu akhoza kuimapo, tinkamulambalala, poti ankati wophwasula chisa chake amachita misala kapena nyumba yake imapsa. Malamulo amenewa adasunga mbalame zambiri kuposa chikwangwani chilichonse cha a zankhalango.

Nzeru za palegeni zimenezi zidalowa ndi m'mabuku momwe, ngakhale mwakachetechete. Charles Belcher, yemwe adali loya wamkulu wa boma kenako jaji, adatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930. Pambuyo pake C. W. Benson, bwana DC wokonda mbalame, adalemba mndandanda wa 1953, ndipo mu 1977 iye ndi mkazi wake adatulutsa buku la mbalame za Malawi. Maso ndi makutu a Benson kwa zaka zambiri adali Jali Makawa, Mlomwe wochokera ku Mozambique, yemwe adayamba ngati wantchito wa pakhomo. Makawa ankazindikira mbalame ndi kulira kokha, ankatha kuiyeserera mpaka ibwere, ndipo adapita ndi Benson mpaka ku zilumba za Comoro mu 1958. Pali mbalame zomwe zili ndi dzina lake m'mabuku a sayansi. Buku la 2006 la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett limawerenga mitundu ya mbalame pafupifupi 650 m'Malawi, ndipo pansi pa chiwerengero chimenecho pali anthu ambiri onga Makawa omwe adaphunzira ali ana, mwala uli m'manja.

Mu 1975 likulu lidasamukira ku Lilongwe. Malole adanyamula mafayilo ndi mabanja, mzere wathu udatsala ndi nyumba zotseka, ndipo anthu ankati Zomba yafa. Sidafe. Chancellor College idali itasamukira kale ku Chirunga mu 1973, nyumba ya malamulo idapitiriza kukumana kuno mpaka 1994, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi apolisi sadachoke. Chomwe chidasintha ndi eni makonde a kumtunda. M'nyumba zomwe agogo ankalowera kukhomo la kuseri mudalowa aphunzitsi a kukoleji ndi akuluakulu a boma achikuda, pakapinga padalimidwa chimanga ndi nkhwani, ndipo mibawa idangoyang'ana. Amalume atapatsidwa imodzi mwa nyumba zimenezi, adatenga agogo kukawaonetsa. Agogo sadafune kuona zipinda. Adazungulira bwalo ndi ndodo yawo, akugogoda mtengo uliwonse, kenako adakhala pakhonde la kumaso, malo omwe pa zaka zonse za ntchito yawo ankangosesapo.

"Atsibweni ako akuti adule uwu ubwere kuwala," adandiuza akuloza mtangatanga. "Ukawauze kuti adikire ndife kaye."

Pakhonde limenelo ndi pomwe ndidayamba kuona mbalame manja ali m'thumba. Nkulukulu ikakhala m'masamba sioneka, koma ikatambasula mapiko kuchoka pamwimbi kupita pamkuyu, kufiira kwake kumakudzidzimutsa ngakhale waiona kambirimbiri. Utoto wofiirawo uli ndi mkuwa m'kati mwake, ndipo mbalame za mtundu umenewu zokha ndizo zili nawo. Mikuyu ikapsa kunkatsika m'phiri zimbalame zakuda ndi zoyera za chipewa cha fupa pamwamba pa mlomo, zikuuluka mwaphokoso, zina zikulira ngati khanda losiyidwa lokha m'nyumba. Apusi ankabwera m'mbuyo mwake kudzatsiriza ndi kuba chimanga cha amalume. M'bandakucha, pansi pa mpanda, kambalame ka chifuwa chofiirira ndi mzere woyera pamwamba pa diso kankayamba nyimbo motsitsa, n'kumakweza, n'kumakweza, mpaka wogona adzuke. Pampopi wa kuseri padali beseni la simenti lomwe dona wina adamangitsa kuti mbalame zizisamba. Azakhali ankatsukiramo mbatata, koma madzi otsala ankagwirabe ntchito yake yakale.

Mtangatanga womwe agogo adaukanira uja ndi mtengo wa mlendo wolemekezeka wa Zomba. Pali kambalame kakang'ono ka msana wakuda, mimba yachikasu, mzere woyera paphiko ndi mchira wautali, komwe azungu amati White-winged Apalis. Kamakhala pamwamba penipeni, kakutola tizilombo m'masamba a mitengo italiitali ya m'mbali mwa mitsinje. Padziko lonse kamapezeka malo owerengeka: mapiri ena a kummwera kwa Malawi, phiri la Chiperone ku Mozambique, ndi mapiri a Uluguru ndi Udzungwa ku Tanzania. Ku Zomba kamakhala m'tauni, m'mabwalo a anthu. Ndicho chifukwa chake nthawi zina umapeza alendo ochokera kutali ataima pamsewu wa kumtunda, magalasi oonera patali ali kumaso, makosi ali chagada, amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni akuwadutsa n'kumafunsana kuti kodi azunguwa ataya chiyani m'mwambamo. Kambalameka sikatera pamango kapena pajakaranda wa yekha pakati pa bwalo. Kamafuna mitengo yogundana nthambi, kuchokera kumtsinje kudutsa khomo ili ndi linalo. Munthu mmodzi akadula wake, njira yaduka kwa onse.

M'badwo wathu udabzala mitengo yambiri, mwina kuposa wa agogo. Kuyambira 1976, pa 21 Januwale paliponse ana asukulu tinkatuluka ndi makasu pa tsiku lobzala mitengo, lomwe pambuyo pake lidasanduka nyengo yonse ya dzinja. Koma tinkabzala chiyani? Bulugamu, malaina ndi kesha, mitengo yokula msanga yopatsa nkhuni ndi milimo. Pamwamba pa phiri boma lidali litadzaza kale paini wa ku Mexico. Sindikuinyoza, idafolera nyumba ndi kuphikira nsima anthu ambiri, ndipo bulugamu akachita maluwa choso ndi njuchi zimasangalala. Koma lowa m'munda wa paini uime: umva mphepo yokha. Tuluka ufike pa kachigawo ka nkhalango yachilengedwe kotsala m'khwawa, makutu adzaza. M'zigawo zimenezo, pa Zomba, Malosa ndi Mulanje, muli kambalame kena ka pakhosi pachikasu komwe sikapezeka dziko lina lililonse. Pa zaka zonse zobzala zija palibe adatipatsa mbande ya mwimbi kapena ya mkuyu. Mitengo imeneyo tinkaiona ngati thengo.

Kuchokera m'ma 1990 zinthu zidathamanga. Phiri la Ndirande ku Blantyre lidametedwa mpala m'zaka zochepa, ndipo la Zomba lidayamba kuonetsa zipsera za macheka ndi moto. M'tauni anthu adachuluka, kalembera wa 2018 adapeza oposa 105,000. Mabwalo aakulu a kumtunda ena adagulitsidwa n'kudulidwa mapuloti, ndipo puloti yatsopano imayamba ndi uvuni wa njerwa. Nkhuni zowotchera njerwazo nthawi zambiri ndi mtengo womwe udali pamalopo. Kumunsi nakonso mango ambiri adathera mu uvuni, poti pomwe padali mthunzi pakhoza kukhala chipinda cha lendi. Zifukwa zodulira sizisowa ndipo zambiri ndi zoona: mizu ya kachere imang'amba maziko ndi kulowa m'mapaipi, nthambi ya mbawa ikagwera malata ndi ngongole ya chaka, masamba amaoletsa denga, akuba amakwererapo kulumpha mpanda. Chidutsireni namondwe Freddy mu Malichi 2023, munthu akayang'ana mtengo waukulu pafupi ndi chipinda cha ana ake amaganiza kawiri. Amene sadagonepo m'nyumba yomwe nthambi ikukhukhuza denga usiku wa mphepo asafulumire kuweruza.

Komabe mbalame zimasonyeza zomwe zachitika. Ku Matawale ndi ku Mpondabwino pumbwa akadalipo, poti iye sasankha, gwafa ndi papaya zimamukwanira. Akhwangwala achuluka chifukwa zinyalala zachuluka. Timpheta ta m'madenga, tomwe tidabwera ndi zombo ku South Africa n'kufika m'Malawi m'zaka za m'ma 1960, tili pasitolo iliyonse. Koma njiwa zobiriwira zija sizitera pomwe palibe mkuyu, ndipo nkulukulu yabwerera kumtsinje ndi ku Botaniki. Mwana wa kumunsi lero akhoza kukula osaona phiko lofiira lija, pomwe ife tinkaliona ngakhale kamodzikamodzi kachere akapsa. Kachere wathu adagwa pomwe mzere wa nyumba zathu udapeza eni atsopano. Pamalopo pali mpanda wa njerwa wa magalasi osweka pamwamba.

Ndikuona tsopano anthu ena, makamaka opuma pantchito omwe abwerera kudzakhala ku Zomba, akufuna mthunzi pamapuloti awo opanda kanthu. Amaika phale la madzi pansi pa kamtengo, amamwaza madeya, amakhala pakhonde ndi tiyi kudikira. Mbalame zimabwera ndithu, koma za madeya zokhazokha. Ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu ali ndi mapeyala ndi mango olumikiza, paini, ndi timitengo tosongoka tokongoletsa mpanda tomwe ngakhale pumbwa sapezapo chochita. Tsiku lina ndidafunsa mmodzi wa iwo ngati ali ndi mwimbi.

"Mwimbi, bambo? Umene uja sitigulitsa, palibe angagule. Pitani m'mbali mwa Mulunguzi mvula ikakhazikika, muyang'ane pansi pa mpanda uliwonse pomwe pamatera mbalame, mukazula nokha ndi dothi lake. Koma mukabzale kutali ndi nyumba ndi thanki ya chimbudzi, umakula umene uja. Nanga peyala simutengako mmodzi?"

Ndidatenga peyala, ndipo mwimbi ndidakazula mu Januwale kuseri kwa tchalitchi china, nditapempha kwa mlonda.